Mfuti ikalira mu filimu, ndani amawerenga maliro?

Pa 26 Okutobala 1881, m'tauni ya migodi ya siliva yotchedwa Tombstone ku Arizona, m'dziko la America, amuna anayi anapita kukalanda mfuti gulu lina la oweta ng'ombe. Anayiwo anali Virgil Earp, yemwe anali mkulu wa apolisi m'tauniyo, abale ake awiri Wyatt ndi Morgan, komanso mnzawo Doc Holliday. Lamulo la m'tauniyo linkaletsa kuyenda ndi mfuti. Atakumana pa kamalo kopanikizika pafupi ndi khola la akavalo la O.K. Corral, mfuti zinalira kwa masekondi pafupifupi 30, ndipo panatuluka zipolopolo pafupifupi 30. Anthu atatu anafa: Billy Clanton, Tom McLaury ndi mbale wake Frank. Koma mlandu suola. Mu Disembala chaka chomwecho anthu ena anamubisalira Virgil usiku n'kumuphwanya mkono wamanzere, womwe sunagwirenso ntchito. Mu Malichi 1882 Morgan anawomberedwa akusewera biliyadi, ndipo anafa.

Masekondi 30 amenewo akhala akudyetsa makampani a mafilimu kwa zaka zambiri. John Ford anawajambula mu My Darling Clementine mu 1946, John Sturges anabwereza mu Gunfight at the O.K. Corral mu 1957, kenaka panabwera Tombstone mu 1993 ndi Wyatt Earp mu 1994. Aliyense anasankha yekha zoti aonetse ndi zoti abise. Mu filimu ya 1957, chipwirikiti cha theka la mphindi chinasanduka nkhondo ya mphindi zingapo, anthu akuthamanga ndi kubisalirana. Izi zikutikumbutsa chinthu chimene timaiwala tikatengeka: kuwomberana kwa mu filimu n'kochita kupanga. Pali munthu amene anaganiza kuti kamera iloze nkhope ya wowombera kapena ya wowomberedwa, kuti nyimbo ilire kapena kukhale zii, kuti wakugwayo timudziwe dzina kapena angokhala thupi logwera chapatali.

N'chifukwa chake funso limene limautsa mkangano m'mahositelo, loti gawo la kuwomberana lokoma kuposa onse ndi liti, si lachibwana ayi. Yankho lake limaulula zimene maso athu anazolowera kufuna. Maganizo athu ndi awa: magawo oyenera kutchedwa abwino ndi aja amene chipolopolo chimalemera. Mantha amaoneka mfuti isanalire, chisokonezo chimaoneka ikamalira, ndipo ngongole imatsala ikasiya kulira. Gawo limene anthu makumi asanu amagwa ngati mapesi a chimanga, mwini filimu n'kungosasa fumbi pamalaya, lingakongole motani, ndi bodza. Ndipo ndi bodza limene limatiphunzitsa kusawerenga maliro.

Ambiri a ife mafilimu tinawadziwira m'tinyumba toonetsera vidiyo, pa mabenchi, kapena pafoni ya mnzathu, ena mwa mafilimuwo atawamasulira m'Chichewa. Kumeneko lamulo linali limodzi: mwini filimu safa. Chitsanzo chachikulu ndi Commando ya 1985, momwe Arnold Schwarzenegger, monga John Matrix, amafika pachilumba yekhayekha kukapulumutsa mwana wake wamkazi. Asilikali ochuluka amamuwombera ali poyera koma onse amaphonya, iye akawombera saphonya. Pa asilikali onse ogwa pabwalo lija palibe amene timamudziwa dzina, palibe amene amabuula nthawi yaitali, palibe amene amalira mayi ake.

Chodabwitsa n'chakuti filimu yoyamba ya Rambo, First Blood ya 1982, siili choncho. M'filimu imeneyi John Rambo sawombera munthu n'kumupha. Imfa imodzi yooneka bwino ndi ya wapolisi amene amagwa kuchokera mu helikopita. Filimuyo imatha Rambo akulira ngati mwana pamaso pa Colonel Trautman, akusimba za mnzake amene anafera ku Vietnam. Mafilimu otsatira ndi amene anamusandutsa makina ophera anthu. Anthu ambiri akamva dzina la Rambo amakumbukira lamba wa zipolopolo pachifuwa, misozi ija n'kuiiwala. Tiyeni tsono tione magawo amene ife tikuti ndi abwino, ndi chifukwa chake.

Mfuti isanalire

Mtaliyana Sergio Leone ankadziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Kumapeto kwa The Good, the Bad and the Ugly ya 1966, amuna atatu amaima pabwalo lamiyala pakati pa manda a Sad Hill, akulimbirana golide wa madola 200,000 wokwiriridwa m'manda amodzi. Manda amenewa anachita kuwamanga pafupi ndi mzinda wa Burgos ku Spain, mothandizidwa ndi asilikali a dzikolo. Kwa mphindi zingapo palibe amene amayankhula. Kamera imayambira patali, kenaka imayandikira nkhope za Clint Eastwood, Lee Van Cleef ndi Eli Wallach, kenaka maso okha, kenaka zala zikusendera ku mfuti, nyimbo ya Ennio Morricone ikukwererakwerera. Kuwombera kwenikweni kumatha m'kuphethira kwa diso. Chokoma pagawoli ndi kuona munthu aliyense akuwerengera mumtima: ndikawombera uyu, winayu andipha. Ndipo mitanda yambirimbiri yowazungulira, ya asilikali ofera pankhondo yapachiweniweni ya ku America, imakhala ikufunsa kuti golideyo adzamudya ndani.

Zaka ziwiri pambuyo pake, mu Once Upon a Time in the West ya 1968, Leone anawonjeza. Filimuyo imayamba ndi amuna atatu akudikira sitima pa siteshoni ya m'chipululu kwa mphindi zoposa khumi, popanda nyimbo. Mmodzi akulimbana ndi ntchentche yomwe ikumutera pankhope mpaka amaitsekera mumpope wa mfuti yake. Wina madzi akumudonthera pachipewa. Wachitatu akuthyola zala. Kumamveka kulira kwa chitsulo cha mpope wa madzi woyendera mphepo. Sitima ikafika ndi kunyamukanso, Charles Bronson amaonekera tsidya lina la njanji, ndipo m'masekondi ochepa atatu aja agona pansi, iyenso atavulala. Popeza takhala nawo nthawi yonseyo, tikuwaona akutopa ndi kuyabwidwa ngati ife tomwe, imfa yawo imatigunda. Anali zigawenga, komabe anali anthu.

Gawo la kudikira limene limatikhudza kwambiri ndi la mu High Noon ya 1952, ya Fred Zinnemann. Will Kane, yemwe anaseweredwa ndi Gary Cooper, wangomanga kumene ukwati ndipo akutula pansi udindo wa upolisi m'tauni ya Hadleyville. Amamva kuti Frank Miller, amene iye anamumangitsa, watulutsidwa m'ndende ndipo afika pa sitima ya 12 koloko masana, anzake atatu akumudikira pa siteshoni. Filimuyo ndi ya mphindi pafupifupi 85, ndipo nthawi ya m'nkhaniyo imayenda pafupifupi mofanana ndi wotchi ya woonera. Kane amayenda khomo ndi khomo kupempha thandizo. Amalowa ngakhale m'tchalitchi mapemphero ali m'kati, anthu n'kukambirana kwa nthawi ndithu, mapeto ake n'kumuuza kuti ndi bwino achoke m'tauniyo. Amakhala pansi n'kulemba wilo yake. Kamera imakwera m'mwamba n'kumuonetsa ali yekha mumsewu wopanda munthu.

Mkazi wake Amy, yemwe anaseweredwa ndi Grace Kelly, ndi wa mpingo wa Quaker umene umakana chiwawa, ndipo analowa mpingowo bambo ake ndi mlongo wake ataphedwa ndi mfuti. Pomaliza ndi iyeyo amene amawombera mmodzi wa zigawengazo kumsana kuti apulumutse mwamuna wake. Filimuyo siimuombera m'manja. Imatisiya ndi funso lowawa la chimene mayiyo wataya pa sekondi imeneyo. Anthu akatuluka m'nyumba zawo zonse zitatha, Kane amavula baji yake n'kuiponya m'fumbi. Ife amene timakhala m'makomiti ndi m'misonkhano ya mpingo tiyenera kuliona gawo la m'tchalitchi lija kawiri, chifukwa mantha ovala mawu anzeru timawadziwa.

Mfuti ikamalira

George Stevens anatsogolera gulu lojambula zithunzi la asilikali a America pa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse, ndipo anajambula zimene anapeza kumsasa wa Dachau mu 1945. Pamene ankakonza Shane ya 1953, sanafune kuti imfa ya mfuti ioneke ngati sewero la ana. M'mafilimu a makauboyi a nthawiyo, wowomberedwa ankangogwira pachifuwa n'kugwa mwaulemu. Mu Shane, mlimi wamng'ono thupi wotchedwa Torrey akuyenda m'matope, ndipo wakupha waganyu, Jack Palance, waima pamwamba pa khonde lamatabwa akuvala golovesi yakuda mosafulumira. Mfuti ikalira, phokoso lake ndi logonthetsa m'khutu, ndipo Torrey amaponyedwa chagada m'matope. Anachita kumumanga chingwe n'kumukoka kuti kugwako kuoneke kwankhanza. Palibe ulemerero uliwonse pamenepo. Pambuyo pake timaona maliro ake, mkazi wake ndi galu wake ali pamanda.

Zaka 42 pambuyo pake Michael Mann anachita zofanana mu Heat ya 1995. Gulu la Neil McCauley, yemwe ndi Robert De Niro, likutuluka m'banki pakati pa mzinda wa Los Angeles, ndipo apolisi a Vincent Hanna, yemwe ndi Al Pacino, afika. Mann anagwiritsa ntchito phokoso lenileni limene linajambulidwa pamalopo, m'malo moika lina la mu situdiyo. N'chifukwa chake mfuti zimamveka zikubwerera kuchokera m'makoma a nyumba zitalizitali, ndipo nkhondo ikayamba nyimbo imasiya. Anyamata ambiri amalikonda gawoli chifukwa cha changu cha Val Kilmer posintha zipolopolo. Ife timalikonda chifukwa limawerenga akufa. Wapolisi amene takhala tikumuona pantchito amagwa mumsewu. Mmodzi wa akubawo amanyamula kamtsikana kuti kakhale chishango chake, ndipo pamenepo chikondi chonse chimene tinali nacho pa iye chimatha. Woyendetsa galimoto, Breedan, anali mkaidi wakale amene ankayesetsa kusintha moyo, akuwotcha nyama m'kalesitilanti momwe bwana ankamudyera masuku pamutu. Anavomera ntchitoyo m'mawa womwewo, ndipo anafera pachiwongolero. Kenaka timaona mkazi amene ankamukonda akumva za imfayo pa wailesi yakanema.

Ngakhale John Woo wa ku Hong Kong, amene amadziwika ndi mfuti ziwiri m'manja ndi nkhunda zikuuluka, ali ndi mphindi imodzi yotere. Mu Hard Boiled ya 1992 muli gawo lalitali m'chipatala lojambulidwa kamera osaidula, Chow Yun-fat ndi Tony Leung akudutsa m'makonde. Pakati pa chipwirikiticho Tony Leung amawombera munthu, n'kuzindikira kuti wapha wapolisi mnzake. Amafooka, mnzakeyo n'kumamukakamiza kuti apitirire. Pa anthu onse ogwa m'filimu imeneyo, ameneyu ndi amene timamukumbukira, chifukwa pa iye yekha filimuyo inaima n'kupuma.

Mfuti ikasiya kulira

Clint Eastwood anatchuka ndi kuwombera mosaphonya, koma atakula anakonza Unforgiven ya 1992 ngati munthu amene akubweza ngongole. Iye ndi William Munny, wakupha wakale amene tsopano ndi wamasiye woweta nkhumba. Amapita ku tauni ya Big Whiskey kukapha anyamata awiri chifukwa cha mphotho ya madola 1,000. Mnzake Ned Logan, yemwe ndi Morgan Freeman, amaloza mfuti koma dzanja limakana. Munny amailanda, amaphonya kangapo, kenaka amamulasa mnyamatayo m'mimba. Mnyamatayo, Davey, safa msanga. Amagona kuseri kwa mwala akulira ludzu, mpaka Munny yemweyo amakuwira anzake a mnyamatayo kuti am'patse madzi, n'kulonjeza kuti sawombera. Ndipo woonera amadziwa kuti Davey si amene anacheka nkhope ya mayi uja, ndiponso kuti anayesa kupepesa pom'bweretsera kavalo.

Mnyamata wodzitama wotchedwa Schofield Kid amati anapha kale anthu asanu. Amapha munthu wachiwiriyo ali m'chimbudzi, wopanda podzitetezera. Kenaka, atakhala pansi pa mtengo ndi botolo la mowa, amaulula akunjenjemera kuti ameneyo ndi woyamba. Amapereka mfuti yake n'kunena kuti sadzaphanso. Kwa ife, kukambirana kwa pansi pa mtengo kuja ndi gawo la kuwomberana kuja. Amene amadula kanemayo n'kumagawana za m'bala zokha, Munny akupha Little Bill ndi anthu ake, wadya nsima n'kusiya ndiwo. Filimuyi inapata mphoto ya Oscar ya filimu yabwino koposa ya chaka chimenecho.

Pa wailesi yakanema, sewero limene linafika patali pankhaniyi ndi The Wire, la David Simon, lomwe linaonetsedwa pa HBO kuyambira 2002 mpaka 2008 ndipo limakamba za mzinda wa Baltimore. M'chaka chachiwiri cha seweroli, magulu awiri a anyamata ogulitsa mankhwala ozunguza bongo amawomberana masana polimbirana ngodya ya msewu. Amawombera mwamantha, akuthawa, ena osayang'ana n'komwe. Palibe mmodzi wa iwo amene amalasidwa. Mfuti zikatonthola, mayi wina amakwera kuchipinda chapamwamba n'kupeza mwana wake wa zaka zisanu ndi zinayi atafa ndi chipolopolo chosokera. M'chaka chachisanu, Omar Little, yemwe anaseweredwa ndi Michael K. Williams ndipo ankaopedwa ndi mzinda wonse, amaphedwa ndi kamnyamata kakang'ono akugula fodya m'golosale. Palibe nyimbo, palibe mawu otsiriza, ndipo nyuzipepala ya mumzindawo siilemba n'komwe nkhaniyo chifukwa chosowa malo. Apa mwini filimu amafa, ndipo amafa mopanda pake monga mmene anthu amafera ndi mfuti.

Zimene ena anganene

Wina anganene kuti tikulemetsa nkhani yopepuka. Filimu ndi msangulutso, ndipo John Wick ya 2014, ya Keanu Reeves, ili ngati gule: timaonera luso la mapazi ndi manja, tikudziwa kuti palibe amene akufa. Luso lilipodi, ndipo sitikunena kuti aliyense woonera John Wick adzagula mfuti. Anthu miyandamiyanda anaonera Commando n'kukhala makolo abwino. Nkhawa yathu ndi yaing'ono kuposa pamenepo, koma ili pafupi nafe. Diso limazolowera. Likazolowera kuona munthu akugwa popanda kufunsa kuti ndi mwana wa yani, limachita chimodzimodzi pa kanema weniweni. Tonse tikudziwa timakanema timene timayenda pa WhatsApp, ta woganiziridwa kuba akumenyedwa ndi gulu, kapena ta ngozi yapamsewu anthu akujambula m'malo monyamula ovulala. Timatitumizirana ndi chala chomwecho chimene timatumizira magawo a mafilimu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Komanso si zoona kuti pojambula palibe amene amafa. Brandon Lee, mwana wa Bruce Lee, anafa pa 31 Malichi 1993 ali ndi zaka 28, pojambula The Crow, chifukwa cha mfuti imene sinayang'anidwe bwino. Mmodzi wa anthu amene anaima m'malo mwake kuti filimuyo ithe anali Chad Stahelski, yemwe pambuyo pake anadzatsogolera John Wick. Pa 21 Okutobala 2021, Halyna Hutchins, katswiri wa kamera, anafa ku New Mexico pojambula Rust, mfuti imene inali m'manja mwa Alec Baldwin itatulutsa chipolopolo chenicheni. Anzathu ophunzira zachipatala angatiuze zimene chipolopolo chimachita chikalowa m'mimba kapena pantchafu: chimaphwanya fupa, chimang'amba mitsempha, ndipo munthu angathe kutha magazi m'mphindi zochepa. Bala la paphewa limene mwini filimu amalimanga ndi kansalu n'kupitiriza kumenya nkhondo, m'moyo weniweni lingathe kupha mkono wonse, monga zinam'chitikira Virgil Earp.

Kumbali ina kuli makolo ndi akulu ampingo amene anganene kuti yankho ndi lapafupi: osaonera n'komwe. Maganizo amenewa timawalemekeza, ndipo wophunzira amene wasankha njira imeneyi sanataye kanthu kofunika pa moyo wake. Muyeso wa pa Afilipi 4:8 ndi wovuta kuukwanitsa, ndipo mafilimu ambiri amene tawatchula pano ali ndi mawu ndi zithunzi zosayenera ana, mwinanso akulu. Koma kukhala chete sikunachotse mafilimu m'mafoni a ophunzira. Kwangochititsa kuti aliyense azionera payekha, popanda woti akambirane naye. Ndipo Baibulo lenilenilo silibisa chiwawa, limangokana kuchikometsera. Pa 2 Samueli 2, Asaheli akuthamangitsa Abineri, ndipo Abineri amamuchonderera kawiri kuti abwerere, poganizira mmene adzayang'anirane ndi Yowabu mbale wake wa mnyamatayo. Asaheli amakana, amaphedwa, ndipo anthu ofika pamalopo amaima. Chaputala chotsatira Yowabu amabwezera, ndipo Davide amalira pamanda a Abineri. Mantha, imfa ya munthu wokhala ndi dzina, ndi ngongole yotsalira: muyeso umene tikuunena pano si wachilendo kwa owerenga Malemba.

Tivomerezenso kuti filimu yolemera siteteza woonera wopepuka. Munthu angathe kuonera Heat n'kungotolamo kagwiridwe ka mfuti. Pa 28 Febuluwale 1997, amuna awiri ovala zodzitetezera ku zipolopolo anaba m'banki ku North Hollywood n'kuwomberana ndi apolisi mumsewu, onse awiri n'kufa, ndipo anthu ambiri anafanizira zimenezo ndi filimu ija. Wokonza filimu angathe kuika maliro patsogolo pathu, koma kuwerenga ndi udindo wa woonera.

Munthu wopanda mfuti

Pali gawo limodzi limene owerenga magazini ino ali nalo pafupi kuposa ena onse. Hacksaw Ridge ya 2016, ya Mel Gibson, imasimba za Desmond Doss, Mseventh-day Adventist wa ku Lynchburg, Virginia, amene analowa usilikali wa America monga wothandiza ovulala koma anakana kunyamula mfuti. Mu 1945, pachilumba cha Okinawa, gulu lake linakwera chiphedi cha Maeda, chotalika mamita pafupifupi 120, n'kubwezedwa ndi asilikali a Japan. Doss anatsala pamwamba, akukoka ovulala mmodzimmodzi n'kuwatsitsa ndi chingwe. Chiwerengero cholembedwa cha anthu amene anawapulumutsa ndi 75. Pa 12 Okutobala 1945 Pulezidenti Harry Truman anam'veka mendulo ya Medal of Honor, ndipo anakhala woyamba kuilandira mwa anthu okana kunyamula zida chifukwa cha chikumbumtima.

Filimuyi nayo siyopanda chilema. Gibson amakonda magazi, ndipo pena kamera yake imachedwa pa matupi oyaka ngati ikusangalala nawo. Asilikali ambiri a Japan amagwa opanda mayina, ngati aja a mu Commando. Komabe usiku umene Andrew Garfield, monga Doss, amakwawa pakati pa mitembo akufufuza amene akupuma, filimuyo imatembenuza funso lonse. M'magawo ena onse timawerenga amene mwini filimu wagwetsa. Apa timawerenga amene wadzutsa. Pamene amagwira mfuti, amaikulunga m'bulangeti kuti akokere sajeni wake wovulala. M'moyo weniweni, Doss atavulazidwa ndi bomba lam'manja anatsika pamachira kuti anyamulirepo mnzake wovulala kwambiri, kenaka chipolopolo chinamuthyola mkono, ndipo anaumangirira ku thabwa la mfuti n'kukwawa yekha mpaka kokalandira thandizo. Zimenezi filimuyo sinazionetse zonse.

Sitikunena kuti filimu iliyonse ikhale ya Doss, kapena kuti tileke kutsutsana za Leone ndi Michael Mann pa nthawi ya chakudya. Mkanganowo ndi wokoma, upitirire. Tikungopempha kuti tiuwonjezere mafunso. Mnzathu akatiuza gawo limene amalikonda, tim'funse kuti amene anafa pamenepo dzina lake ndani. Tim'funse ngati wowomberayo anachita mantha, ndi chimene chinam'tsalira mumtima zitatha. Tim'funse kuti kamera inapita kuti mfuti zitatonthola: inatsatira wopambana akulowera kumene dzuwa likulowa, kapena inabwerera kwa mayi amene akukwera masitepe kukaona mwana wake? Ngati mafunso onsewa alibe yankho, gawolo ndi zophulikaphulika za pa Chaka Chatsopano chabe, ndipo tingalitchule dzina lake loyenera popanda kukangana. Ndipo tsiku limene kanema wa munthu weniweni akuphedwa adzafike pagulu la kalasi lathu, mafunso omwewo adzatithandiza kudziwa chochita ndi chala chathu.